Mowa wa James Bond ndi kwinini amene anatayika

Mu Epulo 1953 kampani yosindikiza mabuku ya Jonathan Cape ku London inatulutsa Casino Royale, buku loyamba la Ian Fleming lonena za kazitape James Bond. Fleming analilemba mu 1952 ali kunyumba yake ya Goldeneye, m'mphepete mwa nyanja ku Jamaica. Za ukazitape sanachite kumva kwa anthu, chifukwa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ankagwira ntchito munthambi ya akazitape a asilikali apamadzi a Britain, monga wothandizira Admiral John Godfrey. Koma ife ogwira ntchito m'bala bukuli timalidziwira china. Muli tsamba limodzi pamene Bond akuuza bamani kasakanizidwe ka mowa umene akufuna, ndipo tsamba limeneli likutitangwanitsabe mpaka lero ife oima kuseri kwa kauntala, kuyambira ku London mpaka kuno ku Johannesburg kumene ine ndimagwira ntchito.

Nkhani yake ili chonchi. Bond watumidwa ku Royale-les-Eaux, tawuni yongopeka ya kumpoto kwa France, kuti akamudye pa njuga ya baccarat munthu wotchedwa Le Chiffre, msungichuma wa bungwe la apantchito amene akugwirira ntchito dziko la Soviet Union, koma wasakaza ndalama za mabwana ake. Njuga yaikulu isanayambe, Bond ali pabala ndi Felix Leiter wa CIA. Akuitanitsa martini, kenako akumuimitsa bamani n'kumufotokozera bwinobwino: milingo itatu ya jini ya Gordon's, mlingo umodzi wa vodka, ndi theka la mlingo wa Kina Lillet. Zonsezi azikhutchumule pamodzi ndi ayezi mpaka zizizire zedi, athire m'galasi lakuya lomwera shampeni, pomaliza aponyemo khoko la ndimu lalikulu koma lopyapyala. Atalawa wakhutira, komabe akumuuza bamaniyo kuti akanapeza vodka yotcheza kuchokera ku mbewu monga tirigu, osati ku mbatatesi, zikanakoma kuposa apa. Usiku womwewo akudya ndi Vesper Lynd, mkazi amene watumidwa kudzamuthandiza, ndipo mowawo akuupatsa dzina la mkaziyo. Kumapeto kwa buku zikuululika kuti Vesper ankapereka zinsinsi kwa adani, ndipo amadzipha. M'mabuku onse amene Fleming analemba pambuyo pake, Bond saitanitsanso mowa umenewu.

Kuti timvetse chimene tsambali linakomera owerenga, tikumbukire mmene Britain inalili nthawi imeneyo. Nkhondo inali itatha kalekale, koma zakudya zina zinkagulidwabe mochita kuyeza ndi makuponi a boma. Shuga anamasulidwa mu Sepitembala 1953, nyama mpaka Julaye 1954. Munthu amene wakhala pamzere wa nyama masana, usiku ankawerenga za mwamuna woitanitsa mowa molamula, kutchula dzina la botolo lililonse. Fleming ankadziwa kuti maina a katundu amachititsa nkhani yopeka kumveka ngati yoona. Chimene sakanadziwa n'chakuti maina adzatsala, koma zam'kati mwa mabotolo zidzasintha.

Kwa zaka zambiri mowawu unkadziwika kwa owerenga mabuku okha. Zinthu zinatembenuka mu 2006 pamene kanema wa Casino Royale anatuluka, Daniel Craig ali Bond, Eva Green ali Vesper. Opanga kanema anasintha njuga kukhala poker, koma kasakanizidwe ka mowa anakasiya mmene kanalili m'buku, Kina Lillet ndi zonse. Anthu anayamba kubwera kumabala kudzafuna mowa wa Bond, ndipo mabamani ambiri ndi pamene anazindikira kuti botolo lolembedwa Kina Lillet kulibenso pamsika.

Ndiyambe ndi zosavuta. Gordon's ndi jini yakale, inayamba ndi Alexander Gordon ku London mu 1769, ndipo masiku ano ya ku Britain imaphikidwa ku Fife ku Scotland. Imene kampaniyi inkatumiza kunja, monga imene bamani wa ku France akanakhala nayo pashelefu, inali ya mphamvu ya 47.3%. Mu 1992 ya pamsika wa ku Britain inatsitsidwa kuchoka pa 40% kufika pa 37.5%. Vodka nayonso, ambiri otsanzira kakonzedwe kakale amasankha ya 50%, pamene yodziwika kwambiri m'masitolo a ku Britain lero ndi ya 37.5%. Tiyeni tiwerengere. Mukasakaniza jini ya 47.3%, vodka ya 50% ndi Lillet ya 17% m'milingo ya Fleming, ayezi asanasungunukiremo, mowawo umakhala wa 44.5%. Mukagwiritsa ntchito mabotolo a 37.5%, umatsikira pa 35%. Ndiye poti Bond analamula kukhutchumula, osati kutakasa ndi supuni, ayezi amasweka n'kuwonjezera madzi ambiri. Jini yamphamvu imapirira madzi amenewo, fungo la juniper n'kumamvekabe. Yofooka imangosukuluka. Kuno ku South Africa tinali ndi mwayi pang'ono, chifukwa kwa zaka zambiri jini ndi vodka zinkagulitsidwa pa 43%, ndiye Vesper yathu inkafika pafupifupi 40%, pakatikati pa yakale ija ndi ya ku London ya lero. Vuto la jini n'lochepa: mukapeza botolo la 47%, mwathana nalo.

Nkhani yeniyeni ili pa katheka ka mlingo kaja.

Kampani ya Lillet inayamba mu 1872 ku Podensac, tawuni yaing'ono ya kumwera kwa Bordeaux, ndi abale awiri, Paul ndi Raymond Lillet. Mu 1887 anatulutsa Kina Lillet, vinyo woyera wa ku Bordeaux wothiramo mowa umene munaviikidwa makoko a malalanje ndi khungwa la mtengo wa cinchona. Mpaka lero kakonzedwe kake ndi magawo 85 a vinyo pa magawo 15 a zoviika zija. Khungwa la cinchona ndi limene limatulutsa kwinini. Inde, kwinini yemweyu amene timamudziwa ife, amene ana ankamuthawira kuseri kwa nyumba, amene ukameza mapiritsi ake makutu amalira kwa masiku angapo ndipo kuwawa kwake kumakanirira kukhosi ngakhale utamwera tiyi wa shuga. Mankhwala a LA asanabwere m'zipatala za ku Malawi mu 2007, komanso atabwera kale, malungo akakula ambiri a ife tinadutsa mwa kwinini. N'chifukwa chake ndimati Mmalawi amaimvetsa msanga nkhani ya Kina Lillet kuposa mlendo wochokera ku dziko lopanda udzudzu wa malungo. Lilime lathu limadziwa chimene chikunenedwa.

Mtengo wa cinchona kwawo ndi kumapiri a Andes, ku Peru, Bolivia ndi Ecuador. Ansembe a chipani cha Jesuit ndi amene anathandiza kufikitsa khungwa lake ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo anthu ankalisinja n'kumamwa ufa wake m'vinyo. Mu 1820 akatswiri awiri a zamankhwala ku Paris, Pelletier ndi Caventou, anakwanitsa kupatula kwinini m'khungwamo, ndipo kuyambira pamenepo mankhwala anayamba kuyezeka. Mu 1865 Mngerezi wina, Charles Ledger, anatumiza ku Ulaya njere za mtundu wa cinchona wokhala ndi kwinini wambiri. Amene anazitola m'nkhalango za Bolivia anali Manuel Incra Mamani, mwini dziko wodziwa mitengo, amene pambuyo pake anamangidwa ndi kumenyedwa chifukwa cha ntchito yomweyi, n'kumwalira mu 1871. Zina mwa njerezo zinagulidwa ndi anthu a ku Netherlands n'kukadzalidwa ku Java, ndipo pofika m'ma 1930 pafupifupi kwinini yense wa padziko ankachokera kumeneko. Dzina la Mamani ndimalitchula dala, chifukwa mabuku ambiri a zamowa amangolidumpha.

Kwathu khungwali linalembanso mbiri. David Livingstone poyenda mumtsinje wa Zambezi ndi Shire kuyambira 1858 ankadalira mapiritsi ake okhala ndi kwinini. Bishopu Charles Mackenzie, amene anakhazikitsa mishoni ku Magomero mu 1861, bwato lake linagubuduzika mankhwala n'kumira, ndipo anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pamene Ruo amathira mu Shire. Mary Livingstone anamwalira ndi malungo ku Shupanga mu Epulo chaka chomwecho. Mayiko a ku Ulaya amene ankalanda madera otentha ankadziwa kuti popanda kwinini asilikali ndi akalaliki awo atha. Vuto linali kuwawa. Angerezi anathana nalo pomuika m'madzi a gasi a shuga, amene ndi tonic, n'kuthiramo jini. Ndi mwambo umene unabala Malawi Gin ndi tonic imene alendo amaikonda kunyanja. Afalansa anamubisa m'vinyo wotsekemera. Joseph Dubonnet anatulutsa wake mu 1846, ndipo panabwera ena ambiri a mtundu umenewu, otchedwa quinquina. Ankawagulitsa ngati zolimbitsa thupi ndi zodzutsa mudyo munthu asanadye. Kina Lillet anali mmodzi wa banja limeneli. Pofika 1930, pamene Harry Craddock anatulutsa The Savoy Cocktail Book ku London, vinyoyu anali atalowa kale m'zosakaniza za mabamani, monga mu Corpse Reviver No. 2.

Kenako malilime a anthu anasintha. Itatha nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, vinyo wowawa wa agogo anayamba kuoneka wachikale. M'ma 1970 kampani inachotsa Kina pa dzina n'kutsala Lillet yekha. Mu 1985 anaigula Bruno Borie, wa banja la eni minda ya mpesa ku Bordeaux, ndipo mu 1986 kakonzedwe kanakonzedwanso mothandizidwa ndi akatswiri a vinyo a pa yunivesite ya Bordeaux. Zotsatira zake ndi Lillet Blanc amene tili naye lero: wopepuka, wonunkhira zipatso, cinchona alimo koma kuwawa kwake kukumvekera patali. Mu 2008 kampaniyi inalowa m'manja mwa Pernod Ricard. Alipo amene amatsutsa kuti kusinthako sikunali kwakukulu monga mmene mabamani timanenera. Ine ndimaima ndi umboni wa Kingsley Amis, mlembi wa ku Britain amene ankakonda Bond mpaka analembapo buku lake, Colonel Sun, mu 1968, komanso wodziwa mowa kwambiri. Iye ankati Fleming analakwitsa potchula Kina Lillet, chifukwa kwinini wake akanawawitsa mowa wonse. Munthu sangadandaule choncho atalawa Lillet Blanc wa lero. Zikusonyeza kuti wakaleyo ankaluma ndithu.

Lillet Blanc sindikumunyoza ayi. Mumuike m'firiji, muthire pa ayezi ndi kachidutswa ka lalanje, masana kukutentha, n'chakumwa chabwino kwambiri. Koma mu Vesper ntchito yake ndi ina. Ndi theka la mlingo lokha pakati pa milingo inayi ya mowa waukali, ndiye kuti limveke liyenera kukhala ndi mano. Lillet Blanc amangosiya kafungo ka lalanje ndi katsekemera pang'ono, kenako zii. Zili ngati munthu wophika luni amene wawiritsa n'kutaya madzi kangapo mpaka kuwawa konse kutatha: ndiwo zapsa, zikudyeka, koma si luni uja amene tinamufuna. Bamani amene watsatira dzina lililonse lolembedwa m'buku, Gordon's ya 37.5%, vodka wamba ndi Lillet Blanc, amaganiza kuti wakhulupirika kwa Fleming, pamene wapanga chakumwa china chimene Fleming sanalembe.

Ndiye mabamani anayamba kusakasaka. Ambiri anakhazikika pa Cocchi Americano, vinyo wa ku Asti ku Italy amene kakonzedwe kake kanayamba ndi Giulio Cocchi mu 1891. Amapangidwa ndi mpesa wa Moscato, khungwa la cinchona, muzu wowawa wa gentian ndi makoko a malalanje owawa. Pakamwa amayamba ndi kutsekemera, kenako kuwawa kumabwera pambuyo n'kukhalitsa kukhosi. Ena amagwiritsa ntchito Kina L'Aéro d'Or, imene kampani ya Tempus Fugit imapangitsa ku Switzerland ndi cholinga chobwezeretsa ma quinquina akale. Ena amasiya Lillet Blanc m'malo mwake n'kudonthezamo Angostura dontho limodzi kapena awiri, koma pamenepo mowa umasanduka wofiirira ndipo umanunkhira zonunkhiritsa zina zimene munalibemo. Ku hotela ya Dukes ku St James's mu London, imene imatchuka ndi martini komanso ndi mbiri yoti Fleming ankamwerako, bamani wamkulu Alessandro Palazzi anatenga njira yakeyake. Sakhutchumula n'komwe. Mabotolo ndi magalasi amakhala mufiriji youmitsa, amabwera nawo patebulo pa kangolo, n'kuthira mwachindunji: jini ya No. 3, vodka ya ku Poland, vermouth ya kampani ya Sacred ya mu London momwemo, ndi khoko la lalanje m'malo mwa ndimu. Pamalopo pali lamulo loti mlendo asapitirire magalasi awiri.

Lamulo limenelo ndimaligwirizana nalo, ndipo mawerengero akuikira umboni. Toti yathu kuno ndi mamililita 25. Vesper ya milingo ya Fleming ndi matoti anayi ndi theka, ndipo ikakhala ya mphamvu yakale ija muli mowa weniweni wokwana mamililita 50, chimodzimodzi mabotolo atatu a mowa wa 5% a mamililita 330. Zonsezo m'galasi limodzi lozizira, lotsetsereka pakhosi mosavuta. Ngakhale Bond wa m'buku akunena kuti asanadye samwa kuposa galasi limodzi. Mlendo akafuna lachitatu ndimamupatsa madzi ndi mtedza, ndipo ndimafunsa amene akuyendetsa galimoto.

Pali njira ina imene ndimaikana poyera. Ena amalangiza kuthira ufa wa kwinini, kapena kuviika nokha khungwa la cinchona mu vodka. Kwinini ndi mankhwala. Ku America lamulo limalola mamiligalamu 83 okha pa lita imodzi ya tonic, pamene piritsi limodzi la malungo lili ndi mamiligalamu 300. Khungwa losinja kunyumba simungadziwe mphamvu yake, ndipo mukapyoza muyezo zotsatira zake tikuzidziwa tonse: makutu kulira, chizungulire, nseru, maso kuchita chidima, ndipo kwa ena ngakhale mtima kusokonekera. Wokulira kwathu safunika kuuzidwa kawiri. Kuwawa tikutenge m'botolo limene anthu odziwa anayeza kale.

Ine ndimakonza chonchi. Galasi ndimaliika mufiriji youmitsa nthawi ikadalipo, ndipo ndimalitulutsa pomaliza penipeni, litayera mbuu ndi chisanu. M'chikho chachitsulo ndimathira matoti atatu a jini, imodzi ya vodka ya tirigu, ndi theka la Cocchi Americano wochokera m'firiji, pakuti ameneyu ndi vinyo, ukamusiya pashelefu atatsegulidwa amaguga n'kuyamba kununkha ngati zipatso zofota. Ayezi akhale wamkulu, wouma, wongotuluka kumene, osati wonyowa uja wotsalira pansi pa ndowa. Ndimakhutchumula mwamphamvu mpaka chitsulo chitayamba kuluma zala, kenako ndimasefa kawiri kuti tizidutswa ta ayezi tisalowe. Mowa umatuluka wa mbuu ndi timathovu ting'onoting'ono, n'kumayera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Khoko la ndimu ndimalisenda lalitali, mpeni kungodutsa pamwamba osafika pa choyera cham'kati, chifukwa kuwawa kwa choyeracho n'kwina, kumaphimba kwa cinchona. Ukalipinda pamwamba pa galasi, mafuta ake amawaza ngati nkhungu, ndipo nyali ya pakauntala ikawala umawaona akuyandama pamwamba pa mowa. Mlendo akalawa, choyamba ndi ndimu, kenako jini, ndipo atameza ndi pamene kakuwawa kaja kamatulukira kumbuyo kwa lilime. Kakuwawa kameneko ndi kamene kamamuchititsa kunyamulanso galasi.

Chimene sindichita ndi kubisa. Mdala amene anandiphunzitsa ntchitoyi, wa kwathu ku Nkhata Bay amene anakalambira m'mahotela a kuno, ankandiuza kuti, "Mwanawe, botolo ukalisintha, mwini ndalama adziwe." Ndiye mlendo akaitanitsa Vesper ndimamuuza kuti Kina Lillet anasiya kupangidwa, ndipo ndimamuonetsa mabotolo awiri, Lillet Blanc ndi Cocchi, kuti asankhe. Ena amafuna dzina limene anamva mukanema, ndipo ndimawapatsa Lillet mosanyinyirika, ndalama ndi zawo. Amene wafunsa maganizo anga ndimamuuza kuti Cocchi ndi amene ali pafupi ndi zimene zinalembedwa mu 1952, ngakhale dzina lake mulibe m'buku.

Fleming mwiniwake, m'kalata imene analembera nyuzipepala ya Manchester Guardian mu 1958, anavomera kuti mowawu anangoupeka polemba, ndipo atadzaulawa patapita miyezi sunamukomere. Ena amatenga zimenezi ngati chifukwa chousiyira. Kwa ine zikungotsimikiza zimene Amis ananena, kuti m'galasi loyambalo kwinini ankamveka kwambiri, ndipo si aliyense amene amakondwera naye. Fleming anamwalira mu 1964, zaka 22 Lillet asanasinthe, ndiye Vesper yofewa imene mabala ambiri akugulitsa lero sanailawepo.

M'buku lomweli muli chakumwa china chimene anthu sachikumbukira kawirikawiri. Mowa woyamba umene Bond akuitanitsa mu Casino Royale si martini, koma Americano: Campari, vermouth yofiira yotsekemera, ndi madzi a gasi. Campari nayenso anasintha. Kuyambira nthawi ya Gaspare Campari m'ma 1860, kufiira kwake kunkachokera ku tizilombo ta cochineal timene timakhala pa mitengo ya kaloga ku Mexico ndi ku Peru, touma n'kusinjidwa. Mu 2006, chaka chomwe kanema uja anatuluka, kampani inasiya tizilomboto n'kuyamba utoto wopangidwa kufakitale. Alipo mabamani ochepa amene amasakabe mabotolo akale kapena zakumwa zina zofiira ndi cochineal, koma pakauntala yanga sindinamvepo mlendo akudandaula za Americano. Anasintha utoto, kuwawa anakusiya, ndipo ndimaikonza monga mmene bamani wa mu 1953 akanaikonzera: toti ya Campari, toti ya vermouth, ayezi wodzaza tambula, madzi a gasi pamwamba, ndi khoko la ndimu.